Njinga Yopanda Penti ya Mwajuma

Inu amene mtima umakuwawani mnzanu akadutsa ndi chinthu chatsopano, nkhaniyi ndi yanu.

Mwajuma anachoka ku Ngauma makolo ake onse atamwalira. Chomwe anamusiyira chinali njinga yachitsulo yadzimbiri, yolemera ngati chitseko. Amalume ake ku Mandimba anamulandira n'kumupatsa ntchito yokatenga makala kumidzi. Mwezi womwewo anagulira mwana wawo Délcio njinga yampikisano yofiira.

Délcio ankamudutsa pachitunda akuimba mluzu, n'kumulangiza kuti chitsulo chakecho akagulitse kwa osula mbaula. Sindinama kuti Mwajuma anali woyera mtima. Ankapempherera tayala la msuweni wakeyo kuti liphulike. Pempherolo litachedwa kuyankhidwa, anayamba kumuthamangitsa, matumba ali kumbuyo. Ankalephera, mawa n'kuyesanso. Zaka zinapita, ndipo palibe anazindikira zomwe makala ankachita ndi miyendo yake.

Ku Cuamba kutachitika mpikisano, anabwereka njinga n'kupambana. Chaka chotsatira anapambananso. Kalabu ina ya opalasa inamutenga n'kumuuza kuti asankhe njinga imodzi. Ikadzathyoka, sipadzakhala ina.

Mphunzitsi wa kalabuyo, Mayi Josefina, anamuikira zinayi, zosiyana pa kwaduru, thupi lenileni la njinga. Tayesani kusankha nanunso. Yachitsulo wowotcherera aliyense amaikonza, koma imalemera ndipo imachita dzimbiri. Ya aluminiyamu ndi yopepuka, koma m'mabampu imagwedeza mafupa, ndipo ikatopa imang'aluka molumikizira. Ya kaboni ndiye yopepukitsitsa, koma ikagwera pamwala imatha kusweka mosaoneka, ndipo kuno woikonza kulibe. Ya titaniyamu imalemera pang'ono kuposa ya kaboni, sichita dzimbiri, imameza mabampu, koma ndi yotuwa, yopanda penti.

Ya kaboniyo inali yofiira kuposa ya Délcio. Mwajuma anaisisita, akuona kale nkhope ya msuweni wake.

"Ukuiyang'ana ngati pali amene ukufuna alire," anatero Mayi Josefina.

"Alipo, mayi."

"Adzalira sabata imodzi. Msewu wa ku Mandimba udzakhala nawo zaka."

Mwajuma anachotsa dzanja pang'onopang'ono, ngati akulandidwa. Anatenga yotuwa ija.

Atafika nayo kunyumba, Délcio anaseka mpaka kugwira khoma. Yake yofiira ija inali itang'aluka kale, ili kuseri kwa nkhokwe.

"Asuweni, kutchuka konseku mwabwera ndi mapaipi a pamjigo?"

Délcio ananyamula yotuwayo kuti aisekenso bwino. Inakwera m'mwamba ndi dzanja limodzi, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Anaizungulira kawiri, n'kufunsa chapansipansi ngati angafike nayo pamsika pokha. Mwajuma anavomera, bola ayambe wakatenga makala pa njinga yachitsulo ija, akwere nayo chitunda osatsika. Mpaka lero Délcio akuyesabe.

Yotuwa ija yagwa kangapo m'mipikisano ya kutali, koma ikuyendabe, ndipo tsopano Mwajuma akuphunzitsa atsikana ena kupalasa.

Ngati nanunso mukudutsidwa pachitunda ndi woimba mluzu, musachite manyazi ndi nsanje yanuyo. Isiyeni ikupalasireni. Koma tsiku losankha likadzafika, ichotseni manja pachiwongolero. Pakadali pano katunduyo akulemera, inde, koma akumanga miyendo. Osataya mtima, palasani.