A Yobu ndi Lole ya Feteleza

A Yobu a ku Chulu anali munthu wosakhulupirira mnzake. Ukawapatsa moni ukumwetulira, ankayamba agwira m'thumba. Pogulitsa fodya ankakayikira sikelo, kutchalitchi ankakayikira wosunga chopereka. Akazi awo, a Lusiya, anachita kutopa nawo. "Bambo, mtima wanuwu udzakupwetekani," ankatero.

Chaka china mwayi unawagwera, analandira makuponi awiri a feteleza wotsika mtengo. Komatu kuponi si feteleza. Masiku anayi anapalasa njinga kupita kudepoti, masiku anayi anabwerako chimanjamanja, uku chimanga chayamba kale chikasu m'munda. Mphekesera zinali ponseponse zoti malole amatsitsira matumba kwa mavenda asanafike padepoti.

Tsiku lachisanu anapeza m'njira chimlole chachitali chodzaza matumba, chikuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha maenje. A Yobu anachimamatira kumbuyo ndi njinga yawo ngati nkhupakupa. "Lero ndidzionera ndekha," anatero chamumtima.

Geti la depoti linali kumanzere. Koma itayandikira, loleyo inayamba kupatukira kumanja, kumene kunali mashopu a mavenda. Ha! A Yobu anakuwa, "Si izi nanga! Akuba inu!" Kumanzere kunatseguka mpata, iwo n'kulowamo ndi liwiro kuti akaitane anthu amene anali pamzere.

Chimene sankadziwa n'chakuti lole yaitali sikhota ngati njinga. Imayamba yataya mutu kumanja kuti ipeze malo, kenako n'kubwerera kumanzere, matayala akumbuyo n'kudula pakona. Mpata uja unatsekeka, ndipo dalaivala sankawaona n'komwe. Anthu pamzere anakuwa, "Imani! Munthu uyo!" Lole inaima, koma njinga inali itaphwanyika kale, mwendo wamanja wa a Yobu uli pansi pa tayala.

Dalaivalayo, a Samsoni, bambo wa imvi zake, anagwada m'fumbi misozi ili chuchuchu. Ndi iwo amene anapeza galimoto n'kuthamangira nawo kuchipatala kuboma. Kumbuyoku matumba onse anatsitsidwa padepoti, osasowa ndi limodzi lomwe.

A Lusiya anakhala milungu itatu akudwazika matenda. Pamene ankapita kudepoti ndi makuponi aja, feteleza anali atatha kalekale. Zinali zomvetsa chisoni, munda wonse uja sunadzaze ndi ngolo imodzi yomwe.

Masiku ano a Yobu amayendera ndodo. Akaona lole ikuyandikira pamphambano, amakalipira aliyense wapanjinga ndi wapansi yemwe: "Chokaniko kumanzereko! Idikireni ikhote kaye!" Koma ukawafunsa za tsiku lija amatsitsa mawu, amvekere, "Anachita dala ameneuja. Anaona kuti ndamutulukira."

A Lusiya mpaka lero sanawauze amuna awo kuti matumba awiri a chimanga amene anapulumutsa ana njala itafika povuta anachokera kwa a Samsoni.