Nthungululu Imene Kompyuta Inameza

Azakhali anga, amene anandilera kuno ku Highfield, mu Harare, mayi atamwalira, anandichenjeza ndikadali mtsikana. Anati, "Nthungululu si madzi otsukira mbale oti uzingomwaza paliponse. Ukamuimbira munthu ndiye kuti wamuvomera, ndipo ikatuluka siibwereranso kukhosi." Iwo anaimbirapo mkamwini wina amene pambuyo pake anagulitsa makina osokera a mkazi wake n'kuthawira ku Joni. Mpaka imfa yawo ankati akamukumbuka, ankatsonya.

Ine ndinamvera. Maukwati ndapitako ambiri, akumpingo ndi a m'misewu yathu ino. Kuvina ndimavina, mphatso ndimapereka, koma pakamwa ndimatseka. Anthu amati ndine wouma mtima. Anene. Ine ndimangodziwa kuti munthu sadziwika tsiku limene wavala suti.

Ndalera adzukulu awiri aakazi, ana a mwana wanga amene anatisiya. Wamkulu ntchito yake ndi ya makanema. Amajambula maukwati, makwaya ndi miyambo yovundukula ziliza, kenako amakhala m'chipinda chimene chinali cha malemu agogo ake aamuna, n'kumadula ndi kulumikiza pa kompyuta mpaka chisokonezo cha tsiku lonse chioneke ngati chinayenda mwadongosolo. Iye amati kuedita. Ine ndimati ndi bodza laulemu, pakuti ndinaonapo mkwati woledzera akuoneka ngati m'busa. Koma bodza limenelo ndi limene linatiikira sola padenga, choncho sindilinyoza mokweza.

Wamng'ono ndiye anabwera ndi mnyamata. Makaniko wa makombi, maminibasi a kuno, pa msika wa Machipisa, kwawo ku Chipata, waulemu wosefukira. Ankagwada akadali pageti. Ulemu wochuluka chonchi umandichititsa mantha, chifukwa amphaka onse amene anandiberapo nsomba ankayenda mwakachetechete. Ankhoswe ake atabwera ndinawauza kuti ndiganize kaye. Atabweranso ndinati ndikuganizabe. Pomaliza ndinalola, pakuti mtsikanayo anayamba kuonda, koma ndinalola ndi mutu wokha.

Nkhani ilibe pasipoti. Inawoloka malire n'kukafika kwa mayi ake a mnyamatayo, kuti nkhalamba ya ku Harare siikufuna mwana wawo. Iwo miyendo inali itawavuta, ulendo wa basi sakanautha. Ndiye anauza mwana wawo pa foni kuti, "Mundibweretsere kanema. Ndikawaona agogo akewo, ndidzadziwa mmene ndingamulandirire mtsikanayo." Mdzukulu wanga wamng'onoyo anamva mawu amenewo. Ndinamupeza kukhitchini akusenda anyezi wochuluka kuposa amene ndiwo zinkafuna.

Ukwati unachitikira mu tenti pabwalo la tchalitchi. Magetsi anathawa m'mawa monga mwa chizolowezi chawo, ndipo anayatsa jenereta yobwereka imene inkalira ngati galimoto la mchenga likukwera mtunda. Ine ndinakhala kutsogolo, chikwama changa pamiyendo, ndikuchita ntchito imene ndimachita pagulu lililonse: kuyang'ana manja a anthu. Nkhope zimanama, manja ayi.

Zolankhula zitatalika, ndinaona dzanja la mkwati likutsetsereka kulowa m'thumba la jekete. Linatuluka ndi kanthu kokulunga m'pepala n'kupita pansi pa tebulo. Ndinati ndakugwira lero. Ndinawerama ngati ndikukonza nsapato. Inali mbatata yophika. Mkwatibwiyo, mdzukulu wanga, ali ndi vuto la zilonda za m'mimba, akakhala nthawi osadya amapindika ndi ululu, ndipo tsiku limenelo tonsefe, ngakhale ine womulera, tinali titaiwala. Mnyamatayo ankamunyemera pang'onopang'ono pansi pa tebulo, maso ali kwa wolankhula, kuti wina asaone.

Sindikudziwa mmene ndinaimirira. Ndinangopezeka ndamuloza ndi chala, nthungululu ikutuluka yokha. Inali yaitali, yakuthwa, ya zaka zonse zimene ndinaisunga. Wolankhula uja anaima pakati pa chiganizo. Amayi akumpingo anayang'anizana, kenako anailandira onse pamodzi, tenti n'kuchita ngati iuluka. Mdzukulu wanga wamkulu uja ananditembenuzira kamera n'kundijambula pafupi.

Banja latsopanolo linali loti linyamuka kumapeto kwa sabata yotsatira kupita ku Chipata, kanema ali m'thumba. Masana ena, kutatsala pang'ono kuti anyamuke, wamkulu anatiitana tonse m'chipinda chake kuti tione. Zinali zokongola. Jenereta ija sinamveke n'komwe, mawu a abusa anali oyera ngati akulankhula m'khutu mwako. Kenako nkhope yanga inadzaza kompyuta yonse. Ndaimirira, maso atuluka, mitsempha ya pakhosi yatupa, chala chaloza mkwati, lilime likuphiriphitha. Phokoso ayi. Zii.

Aliyense amene sanakhalepo akanalumbira kuti ndikutemberera munthu.

Mkwati anayesa kudzigwira, koma mapewa ankagwedezeka. "Agogo," anatero, "ine ndinalipo ndipo ndinamva ndi makutu angawa. Koma apa ngakhale ine ndikuopa."

Mkazi wake sanaseke. Ananong'ona kuti, "Amayi akaona zimenezi, ndatha ine."

Ndinatembenukira wamkulu. "Iwe mkazi mnzanga, ndi nsanje eti? Poti mng'ono wako wakutsogolera?"

"Agogo! Ine ndikanafuna kukuchitani chipongwe ndikanaika pamene munkabisa keke m'chikwama."

"Ndinkasungira odwala."

"Odwala ake ati? Munadya mu kombi."

Ndinakayikira aliyense. Ndinakayikira mayi wa nyumba yoyandikana nafe amene analowa m'chipindamo kudzatchaja foni. Ndinakayikira ngakhale mkwati, ngakhale sindinapeze chimene akanapindula. Wamkulu anandisiya ndimalize mayina onse, kenako anandikhazika pampando n'kundifotokozera.

Pulogalamu imene amagwiritsa ntchito, anati, eni ake akunja amaikonza kawirikawiri n'kutumiza yatsopano. Zimenezo amati apudeti. Sabata imeneyo inabwera ina yokhala ndi chida chosefera phokoso: chimasunga mawu a munthu ndi nyimbo, n'kutaya chilichonse chimene chikuganiza kuti ndi chosokosa. Iye poganizira jenereta ija anavomera mwachangu. Chidacho chinameza jenereta, n'kumezanso nthungululu zonse za mu tenti, poyesa kuti ndi kulira kwa maikolofoni.

"Ndiye chizimitse," ndinatero.

"Ndazimitsa, agogo. Ndikamaonera muno mukumveka. Koma ndikangoti kanemayo atuluke womalizidwa, chikudziyatsanso chokha."

"Chili ngati malemu agogo ako ndi fodya. Bwerera ku yakale."

"Ntchito yosungidwa mu yatsopano, yakale siitsegula. Ndiyenera kuyambiranso ukwati wonse, ndipo basi siidikira."

Kenako anatsegula tsamba limene eni pulogalamuyo amalembapo zolakwika zimene akuzidziwa. Anandiwerengera n'kumamasulira. Zinalipo zambiri: kuti pa makompyuta ena chithunzi chikuthamanga kusiya mawu, kuti zilembo zina zikutuluka zopindika, ndipo pamunsi, kuti chosefera phokoso chikumakana kuzima komanso chikumachotsa mawu okwera ndi otalika. Anati akukonza, anthu apirire.

Apa ndinadabwa kuposa pa zonse. "Iwo eni ake akulemba okha kuti katundu wawo ndi wowonongeka?"

"Eya."

"Ndipo akugulitsabe?"

"Eya."

"Pa msika wa Machipisa ndani anakuuzapo kuti tomato wapansiyu ndi wowola? Anthu amenewa kapena ndi oyera mtima, kapena ndi akathyali amene sindinakumanepo nawo."

Tinayamba kufuna njira. Wamkulu anati ali ndi nthungululu zambiri za maukwati ena, akhoza kubwereka imodzi n'kuimata pakamwa panga. Anaika. Ndinamvetsera kamphindi kokha.

"Chotsa. Ameneyo ndi mayi wa Chishona, ndi mhururu, nthungululu yawo ya ku Glen Norah uko. Akugwetsa mawu kumapeto. Ife timakweza. Asewere anga ndi nkhalamba ngati ine, adziwa asanameze malovu, ndiye adzati tawanamiza. Pamenepo ndiye mwanayu adzauona moto."

"Ndiye imbaninso, ndikujambuleni."

Anandifunditsa bulangete pamutu kuti phokoso la mumsewu lisalowe, n'kundipatsa maikolofoni. Ndinatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka chinali ngati nkhuku yoti yaikira dzira laling'ono ndipo ikuchita manyazi. Ndinayesanso. Galu wa kuseri anayankha. Ana aja anagwa pansi ndi phwete, ngakhale mkwatibwi woda nkhawa uja, ndipo inenso m'bulangetemo misozi inkatsika. Mkwati anati apite akaphike mbatata mwina zingathandize. Ndinamuponyera silipasi.

Zinakanika. Nthungululu sailamula.

Wamkulu anati alemba pamalo pamene anzake a ntchito imeneyi a m'mayiko osiyanasiyana amafunsana nzeru, ndipo aikapo kachidutswa ka mawu anga oyambirira a mu khadi la kamera, kuti amve chimene chikusowa. Ndinakana kaye. Mawu anga apite kwa anthu osawadziwa, akawagwiritse ntchito yanji? Koma ndinayang'ana wamng'ono, amene anali atayamba kale kupinda zovala za ulendo ngati wopita kukagonekedwa kuchipatala, ndipo ndinati tumiza.

M'mawa mwake mayankho anali atabwera. Si ife tokha, kani. Wina anati kwawo kwatayika malikhweru a abusa a ng'ombe, wina anati kulira kwa khanda pa ubatizo. Ena ongoseka anafunsa ngati agogowo amalandira maoda okaimba pa maukwati. Koma mayi wina wa kumpoto kwa Africa, amene anati kwawonso akazi amaimba chimodzimodzi pa ukwati, analemba njira. Anati atulutse kanemayo mu pulogalamu yatsopano monga alili, amutsegule mu yakale ngati chinthu chimodzi chomalizidwa, ndipo pamalo pa nthungululu abwezerepo mawu osasefa a mu khadi la kamera.

Sindinamukhulupirire mayiyo. Munthu amene sakukudziwa akuthandize chifukwa chiyani? Ndinakokera mpando pafupi n'kukhala tsiku lonse ndikuyang'anira, ngakhale sindinkadziwa chimene ndikuyang'anira. Wamkulu ankakoka timizere tobiriwira uku ndi uku, akuyerekeza lilime langa ndi mawu ake mpaka zigwirizane. Dzuwa litapendeka anavula mahedifoni n'kukweza sipika.

Inabwerera. Yonse, ndi kukwera kwake kwa kumapeto, ndi amayi akumpingo akuilandira. Koma inabwera ndi mnzake, jenereta, ikubangula pambuyo.

Wamkulu anakwinya nkhope. "Imvani phokosolo. Anzanga akamva adzati sindidziwa ntchito."

"Isiye. Nayonso inali pa ukwati, ndipo inagwira ntchito kuposa amalume ako."

Ana aja ananyamuka. Masiku amenewo ndinasesa pabwalo mpaka dothi linayamba kudandaula. Kenako foni ya wamkulu inalira, ya vidiyo, ndipo anandipatsa. Ndinaona mayi wonenepa atakhala pamkeka, miyendo atatambasula, duku litapendekeka. Sanapereke moni. Anangoika dzanja pakamwa n'kuimba nthungululu, mpaka foni inanjenjemera m'manja mwanga.

"Asewere!" anatero atapuma. "Anandiuza kuti ndinu mwala. Mwala umalira chonchi? Mwaigonjetsa jenereta!"

"Asewere, mwana wanuyo ndi amene anandilakwitsa."

"Tabwereza pamenepo mpaka anansi abwera kudzafunsa ngati kuno kuli ukwati wina. Koma ndiuzeni, munaona chiyani? Pa kanemapa sizikuoneka."

Ndinawauza za mbatata. Anaseka akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Anati bambo ake a mnyamatayo ankachita zomwezo pamene iwo anali oyembekezera, kuyenda ndi chinangwa m'thumba kulikonse. Atatero anakuwa moyang'ana kumbali, "Mwana wanga, tabwera uwaone agogo ako!" Mdzukulu wanga anatulukira, atavala chitenje chimene sindinamugulire ine, masaya akuwala, n'kukhala pamkeka womwewo mogundana ndi apongozi ake. Ndinamuyang'anitsitsa ngati pali chimene akubisa. Panalibe.

Patapita nthawi eni pulogalamu aja anatumiza apudeti ina, ati vuto lija akonza. Wamkulu sanaivomere msanga. Anaiyesa kaye pa kachidutswa kanga, ndipo mpaka lero ndi mmene amachitira. Ikabwera yatsopano, asanaikhulupirire ndi ukwati wa munthu, amayamba waidyetsa nthungululu yanga. Ndimangomva ndikukuwa ndekha m'chipinda muja ine ndili panja ndikuchapa, kenako iye amafuula kuti, "Agogo, mwakhoza mayeso!" Tsopano ndimamufunsa ndekha kuti pa tsamba la zolakwika pali zotani mwezi uno. Ndimazikonda. Ndi nkhani zokhazo zimene wolakwa amayamba yekha kunena.

Ana aja anayenera kukhala ku Chipata kanthawi kochepa, koma asewere anawakaniza kubwerera msanga, ndipo pano akukamba zotsegula galaja komweko. Ndi zimene ndinkafuna, kuti mwanayo akondedwe. Sindinadziwe kuti akakondedwa ndiye kuti sabwera. Wamkulu amakhala m'mahedifoni tsiku lonse, ukhoza kugwa ndi mpando iye osamva.

Choncho inu amene mwawerenga mpaka pano, mukatsika kombi pa Machipisa, dzandizondeni. Funsani nyumba ya agogo a mtsikana wa makanema, ya mitengo iwiri ya mapeyala kutsogolo. Mugogode mwamphamvu, geti ndi lolimba, ndipo munene kuti ndinu ana a yani. Zakudya musabwere nazo, sindidya chimene sindinachione chikuphikidwa. Tiyi ndikupatsani ine, ndipo mukakhala bwino ndimuuza mtsikanayo akuonetseni ukwati.