Shamima ndi Alendo a ku Kaphuka

Shamima anayamba kujambula zithunzi kuseri kwa golosale ya bambo ake, a Habib, pa Dedza boma, pakati pa matumba a shuga ndi makatoni a sopo. Bambowo anali ndi kakamera kojambulira zithunzi za ziphaso, koma maso atayamba kuwavuta, anthu ankatuluka pachithunzi opanda khutu limodzi. Shamima atamaliza Fomu 4 anapempha kamerayo, anakhoma nsalu yoyera kukhoma, n'kuyamba ntchito.

Anthu sanachedwe kuona kuti mwana wa a Habib ali ndi luso. Anayamba kumuitana ku maukwati, a kumzikiti ndi a kutchalitchi omwe. Ankafika atavala mpango wake, kamera ili pakhosi, ndipo ankakwera pampando kapena kugwada m'fumbi osasamala amene akumuyang'ana. Ena ankati imeneyi si ntchito ya mkazi. A Habib ankangowayankha kuti, "Bweretsani mwamuna wojambula bwino kuposa iyeyu, tim'patse kamerayo."

Patapita zaka, m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni munamangidwa hotela ya anthu olemera, ya makoma amiyala ndi mawindo aakulu kuposa zitseko, chipinda chilichonse chili ndi poothera moto. Eni ake ankafuna zithunzi zoika pa intaneti zokopera alendo. Manijala wake, a Macdonald, anali ataona zithunzi za ukwati wa mlongo wawo, ndiye anaitana Shamima.

Unali mwezi wa Juni, chisanu cholowa m'mafupa. Tsiku loyamba Shamima anajambula zipinda. Ankasalaza yekha mabulangete ndi chikhatho, kusuntha nyale, kupukuta matambula mpaka aziwala. Kubafa anachita kugona pansi kuti asaoneke pagalasi, anyamata okonza m'zipinda n'kumaseka chapansipansi. Akawaonetsa chithunzicho ankafunsana ngati chipinda chimenecho n'chomwe amasesa m'mawa uliwonse.

Tsiku lachiwiri linali lojambula alendo akumwa tiyi pakhonde. Hotelayo inali isanatsegulidwe, choncho a Macdonald anali atapangana ndi mnyamata ndi mtsikana a ku Lilongwe, ozolowera kujambulidwa, kuti adzakhale ngati alendo. Tebulo litayalidwa, foni inalira: galimoto yawo inali itafa pa Nathenje, ndipo sakanafikanso tsikulo.

"Achemwali, zativuta," anatero a Macdonald. "Eni ake akufuna zithunzizi mawa. Khonde lopanda anthu likopa ndani?"

Shamima ankayang'ana kukhomo la kukhitchini, kumene bambo ndi mayi achikulire ankatsitsa matumba a mbatatesi ndi kabichi pagalimoto ya matola. Anali a Petulo Zikhalo ndi akazi awo a Anastazia, alimi a ku Kaphuka amene anapatsidwa mwayi wogulitsa ndiwo pahotelapo. Mayiwo ankachotsa tizinyalala pakolala ya jekete ya amuna awo, uku akuwakalipira, bambowo akungomwetulira.

"Alendo athu ndi awo," anatero Shamima.

A Macdonald anakanda mutu. "Nanga eni ake akakana?"

"Akakana ndidzabwera kudzajambulanso a ku Lilongwe aja. Koma akavomera, agogowa muwalipire monga mukanalipirira anzawowo."

Manijalayo anaganiza pang'ono, kenako anavomera.

Shamima anapita kukawapatsa moni, nafotokoza zonse mosabisa: kuti chithunzicho chidzaonedwa ndi anthu a kutali, ndipo ali ndi ufulu wokana.

"Iii, mwanawe, ife ndi mapazi ong'ambikawa?" anatero a Anastazia. "Anthu akatiseke kunjako?"

"Mapazi sindijambula, agogo. Ndikufuna nkhope zanuzi."

A Petulo anatsokomola. "Mayi, tiyeni tivomere. Chikwatiranireni sitinajambulidwepo tili awiri. Wojambula wa tsiku la ukwati wathu anaima pamowa, anafika anthu atabalalika."

Shamima sanawabwereke zovala. Anangowafunditsa mabulangete aubweya a hotelayo m'mapewa, n'kuwakhazika pamipando yofewa, tiyi ndi masikono zili patsogolo pawo. Koma awiriwo anauma gwa, manja pamaondo, ngati akudikira mlandu. Kumbuyo kwawo nkhungu inali itaphimba phiri lonse.

Shamima anaika kamera patebulo, anadzithirira tiyi, n'kukhala nawo.

"Agogo aamuna, mayiwa munawapeza kuti?"

"Kukwaya," anatero a Petulo. "Anamva mawu anga, basi mtima unagwa."

"Bodza!" A Anastazia anaika kapu pansi. "Kunali kuchigayo. Ankafuna kundionetsa kuti amatha kupalasa njinga osagwira, n'kukagwera m'ngalande, ufa wa amayi awo mbwee!"

"Panali mwala panjirapo."

"Mwala wake uti? Munatuluka muli mbuu ngati mzukwa, mpaka ana anathawa!"

A Petulo anaseka mpaka misozi, ndipo akazi awo, akusekabe, anatambasula dzanja n'kuwapukuta patsaya ndi nsonga ya bulangete. Nthawi yomweyo mphepo inang'amba nkhungu ija, mitengo ya paini ndi thanthwe la phiri zinaonekera, dzuwa n'kugwera patebulo. Palibe amene anaona nthawi imene Shamima anatolera kamera. Anangomva kulira kwake.

Eni hotelayo atalandira zithunzi, anasankha chimenechi kuti chikhale choyamba patsamba lawo la pa intaneti. A Macdonald amati mpaka lero alendo ena akangofika amafunsa khonde limene panakhala agogo aja.

Shamima anatsukitsa chithunzi chachikulu, anachiika m'felemu, n'kukwera njinga yamoto ya kabaza kupita nacho ku Kaphuka. Anawapeza akukumba mbatatesi. A Anastazia anapukuta manja pachitenje, anachigwira m'mbali mosamala, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Koma abambo, mwakalamba," anatero motsitsa mawu.

"Nanga inu?"

"Ine ndatuluka bwino."

Anam'patsa Shamima thumba la mbatatesi lolemera moti wakabaza anadandaula njira yonse.

Kuyambira pamenepo mahotela ena akhala akumuitana, ndipo ena anamuuza kuti asamukire ku Lilongwe. Iye anakana. Anatsegula situdiyo yake pafupi ndi msika, ndipo akuphunzitsa atsikana awiri, Patience ndi Rehema. Loweruka lapitali ndinakumana naye pasiteji akudikira galimoto ya ku Mphunzi, kumene kunali ubatizo wa mapasa. Mvula yamawawa inali itayamba, ndipo iye anali atavula juzi yake n'kukulungira kamera.