Mwendo Umene Alamu Anga Sanaugunde

Alamu anga a Mussa, ogulitsa matemba pa Kachulu, amandinyansa chifukwa palibe chimene sachidziwa. Nditawauza kuti ndikuitanitsa telesikopu yoonera nyenyezi, anayang'ana zithunzi pafoni yanga n'kuloza kakang'ono ka miyendo yonenepa.

"Tengani aka, alamu. Mphepo ya pa Chilwa simukuidziwa? Chachikulucho miyendo yake ndi bango lenileni."

Ine mphunzitsi wa sayansi, kulangizidwa ndi munthu wonunkha nsomba? Ndinagula chachikulucho dala.

Tsiku loyamba ndinaitana anthu apamudzi madzulo, mwezi utangotuluka kuseri kwa chilumba cha Chisi. Mphepo nayo inafika. Aliyense woika diso ankangoona mwezi ukudumphadumpha, mpaka mayi wina anati akumva chizungulire. A Mussa anaima chapatali, manja kumbuyo, akungoonerera, ndipo kuonerera kwawoko kunandiwawa kuposa kutukwanidwa.

"Mwagunda mwendo wa telesikopuyi ndinu, alamu," ndinatero mokweza kuti onse amve. "Zinthu za sukulu zimafuna anthu ozizolowera."

Sanaukhudze n'komwe. Ndinkawaona ndi maso angawa. Anangoti, "Pepani, alamu," n'kukankha njinga yawo. Pochoka anauza mkazi wanga, mlongo wawo, kuti ndizimangirira thumba la mpunga pakati pa miyendoyo kuti ilemere.

Ndimamangirira, ndipo mwezi umaima nji. Kupepesa sindinapepese. Ndikangomva belu la njinga yawo pamsewu, ndimamasula thumbalo msangamsanga n'kulikhalira ngati mpando.