Mano awiri a a Chomba

A Chomba a ku Middlesbrough, aja zibakera ngati mitu ya mbuzi, ku Ndirande akalowa m'bala anthu ankatulukira pawindo. Kuno ku Mangalande atangofika anathyola munthu mphuno, ndiye loya wawo anawauza mosapsatira: “Mukadzaponyanso chibakera, za mapepala okhalira kuno muiwale. Ndege ikukudikirani.” Chiyambireni manja amakhala m'thumba, ngati obwereka.

Chawo chinatsala n'chimodzi: likhweru. Nyimbo ikawakoma, kaya kutchalitchi kaya pamaliro, amaliza likhweru loboola khutu.

Mwana wawo Tinenenji amaimba chelo, chigitala chachikulu chija amachipana m'miyendo n'kumachikhwekhweza ndi uta. Pagulu lawo alipo anayi. Loweruka lina masana ankakaimba ku Newcastle nyimbo za opeka a ku Brazil, Mexico ndi Argentina. A Chomba anachibereka chelocho kumsana ngati khanda.

“Adadi, musakaimbe likhweru, chonde. Kumeneko anthu amakhala chete.”

“Chete? Ndi nyimbo kapena mayeso?”

Pafupi ndi siteshoni anakumana ndi anyamata atatu oledzera. Wina anamenya chelo theche. Wina anakoka Tinenenji tsitsi. A Chomba anamukankhira mwana m'shopu, chibakera chili m'mwamba kale. Mtsikana anakuwa ali pakhomo: “Adadi, ndege!”

Chibakera chinatsika. Bambo uja anavula chelo, nachigonera pamwamba. Ndiye anyamata anamasuka. Nsapato m'nthiti, nsapato kukhutu, botolo pakamwa, phwa! Magazi chuchuchu pasimenti, mano awiri akutsogolo ali poteropo ngati chimanga chotayika. Iwo manja ali kukhosi kwa chelo, osasiya, mpaka apolisi anafika. Kamera ya pashopu inaonetsa zonse, ndipo a Chomba, kwa nthawi yoyamba chibadwire, analembedwa mbali ya omenyedwa.

Ambulansi anaikana. Muholo ku Newcastle, momwe nanenso ndinali, anakhala kumbuyo, thaulo pakamwa, mpweya ukuvuta. Nyimbo ina ya ku Argentina yodula ngati mpeni itafika pokoma, Tinenenji akukwapula uta, ine ndinaona a Chomba akuchotsa thaulo, zala ziwiri m'kamwa. Ndinati basi, mwana wachita manyazi.

Kunangotuluka kamphepo ndi malovu ofiira. Fyuu.

Mzungu wa pambali anawapatsa tishu.

Mpaka lero akudikirabe mapepala, koma adakali konkuno. Ukawanena za chigwelu amayankha, “Iwe, chelo chija sichinakalike n'pang'ono pomwe.” Za mano oikirira ayamba kufunsa. Tinenenji akuti palibe changu.