Kabokosi Kamene Munali Achimwene Anga

Ine ndaona zinthu zopusa zambiri pa moyo wanga, koma chopusa kuposa kabokosi kaja ayi. Kakuda, kokwana m'thumba la jekete, kachingwe kake ngati mchira wa khoswe. Anabwera nako kwathu ku Mikolongwe ndi mkamwini wanga, amene anakwatira mwana wanga woyamba n'kupita naye ku Joni. Anati m'menemo muli achimwene anga.

Achimwenewo anali atatisiya. Anali oimba ng'oma ya tchopa, ndipo funsani Chiradzulu yense, wowaposa kunalibe. Pa ukwati wa mdzukulu wanga mkamwiniyo anawajambula vidiyo: kuimba, kuvina, kenako atakhala pampando n'kumatchula mayina a makolo athu amene anachoka ku Mozambique wapansi, mmodzimmodzi, mpaka kudzafika pa amayi athu. Ine mayinawo ndimadziwa theka. Iwo ankadziwa onse.

Achemwali athu a ku Ndunde ku ukwatiko sanabwere, kumaliro sanabwerenso, miyendo inali itawakana kale. Atamva za kabokosiko anatumiza mawu akuti, ndiwaoneko achimwene ndisanawatsatire.

Mkamwini anandionetsa pa kompyuta yake yopinda, yoyera, ya chizindikiro cha chipatso cholumidwa. Achimwene anatuluka bwinobwino, mpaka mpata wa mano uja. Iye anabwerera ku Joni ndi kompyuta yakeyo, kabokosi n'kundisiyira. Ndinati palibe vuto, pakuti mphwanga, mwana wa achemwaliwo, ankagwira ntchito mu ofesi ku boma ndipo ankatha kubwereka kompyuta yakuntchito. Yake inali ya mtundu wina, ija poyatsa imaonetsa timazenera. Koma kompyuta si kompyuta basi?

Ndinapalasa njinga kupita ku Ndunde. Aliyense amene ndinakumana naye ndinamuuza, ndipo mawu anga sasowa kubwereza. Khonde linadzaza. Achemwali tinawanyamula ndi mphasa yomwe, n'kuwatsamiritsa kukhoma.

Mphwanga analowetsa chingwe. Zii. Anazula, n'kulowetsanso. Kenako anayamba kukanda m'mutu.

"Atsibweni, ikukana. Ikuti kabokosika sikukadziwa, ndiyambe ndakafomata."

"Kufomata n'kutani?"

"Kuli ngati kugalauza munda wonse n'kuunga mizere ina. Zimene munadzala zimapita zonse."

Chingwecho ndinazula ndekha. Taonani mwano wake! Chinthu sukuchidziwa, ndiye mankhwala ake uchiphe? Kumsika timakumana Alomwe, Ayao, Amang'anja, wina akalankhula zimene sunamve umamufunsa bwinobwino, sumuthamangira ndi chikwanje. Ichi chinapangidwa ndi anthu ophunzira, koma khalidwe la galu wa chiwewe.

Mayi wina woyandikana nawo nyumba anadzuka akukutumula chitenje. "Ndiye kanema munkalalika uja ndi ameneyu, abambo? Wokoma zedi, wakuda bii."

Anthu anaseka, n'kumwazikana. Achemwali sanaseke. Anangoti, "Ndibwezeni m'nyumba, kunja kukuzizira." Kunali dzuwa loswa mtengo.

Kabokosiko ndinakakulunga m'nsalu n'kukaika m'sutikesi mpaka Khirisimasi, pamene mkamwini anabweranso. Nthawi yonseyo achemwali ankangotha. Ndikapita kukawaona sankafunsa n'komwe, ankangoyang'ana m'manja mwanga.

Mkamwini atafika ndinaitanitsa mphwanga, ndinawakhazika onse pansi pa mtengo wa mango, aliyense ndi kompyuta yake pamiyendo. Ndinati lero mundiuze wolakwa.

"Bambo, yolakwa ndi ya alamuwa," anatero mkamwini. "Ndi yachikale, ya m'maofesi a fumbi."

"Alamu, yanuyo ndi yonyada ngati mwini wake," anatero mphwanga. "Malawi muno ndani ali nayo? Mukufuna amayi akwere basi kupita ku Joni?"

Ndinamenya ndodo pansi. Pamenepo ndi pamene anandifotokozera ngati munthu. Akuti kabokosi kasanalandire kanthu kamayamba kaungidwa mizere, ndipo maungidwe ake alipo angapo. Amene anaunga mkamwini, kompyuta ya mphwanga siwaona n'komwe. Amene imakonda ya mphwanga, ya mkamwini imangosuzumira, kuikamo kanthu siingathe. Ndiye pali ena akalekale, amawatchula kuti Fati, amene zonse ziwiri zimayendamo popanda kukangana.

"Nanga mwakhala mukudikira chiyani? Ikani Fatiyo!"

Anayang'anana. Mkamwini ndiye analimba mtima.

"Bambo, Fati salandira katundu wamkulu. Vidiyo ya atate aakulu ndi yaikulu kwambiri. Kuti ilowe, tiyenera kuidula zidutswa."

Ndikukuuzani zoona. Thumba la chimanga changa ndimapita nalo chigayo chilichonse, cha Mkhristu, cha Msilamu, chimagaya osafunsa kuti munda unaungidwa ndi ndani. Awa anthu anzeru zopanga ndege alephera kugwirizana pa kabokosi kamodzi, ndiye wolipira akhale m'bale wanga, munthu wogona kale kumanda, adulidwe ngati nzimbe. Kumusunga wathunthu, mlongo wake samuona. Kuti mlongo wake amuone, mpeni.

Ndinaganiza za maso a achemwali aja oyang'ana m'manja mwanga.

"Dulani. Koma mudule pamene akupuma."

Mkamwini anati pulogalamu yake imadula pamene muyeso wakwana, siimva Chinyanja. Ndinalavula. Anasamutsira achimwene mu kompyuta yake, anagalauza kabokosi, anaunga Fati, n'kuwabwezeramo zidutswazidutswa. Ine dzanja langa linali pa kabokosipo mpaka anamaliza, kakutentha ngati kali ndi malungo.

Ulendo wachiwiri ku Ndunde sindinauze munthu panjira. Tinalowa m'chipinda mwa achemwali, ine ndi mphwanga, n'kuika kompyuta pampando. Chingwe chitalowa, ng'oma inalira. Achimwene awo, thukuta kamukamu, mapewa akugwedera. Zala za achemwali zinayamba kugunda pamphasa. Sanalire. Ankangoti, "Ee, ndi iwowo. Malaya amenewo ndinawasokera ndine."

Inafika nthawi ya mayina. Achimwene anatchula woyamba, wachiwiri, anapitirira, atangotsegula pakamwa kuti atchule agogo a amayi athu, thii! Mdima. Pamenepo ndi pamene makina anasankha kudula.

"Amwaliranso?" anafunsa achemwali.

Mphwanga thukuta linali chuchuchu, akusakasaka chidutswa chotsatira. Ine ndinali nditayamba kale kutukwana. Koma achemwali anakweza dzanja kuti ndikhale chete, n'kupitiriza okha pamene achimwene analekera. Dzina ndi dzina, mawu ang'onoang'ono, mpaka pa amayi athu. Sindinkadziwa kuti nawonso ankawasunga.

Chidutswa chija chitatseguka, achimwene anayambira pakati pa dzina, n'kumatchula omwe aja, mwa ndondomeko yomweyo.

"Mwachedwa, achimwene," anatero achemwali. "Ndamaliza kale." Ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

Anaonera Lamlungu lililonse mphwanga akabwera ndi kompyuta, mpaka anatisiya chimanga chisanakhwime. Anawaona achimwene awo, zimenezo palibe angandilande. Koma anawaona odulidwa, ndipo amene anapanga zimenezi, kulikonse kumene ali, sindinawakhululukire.