Mzere Umene Ndinadumpha

Ndakhala ndikutaipa makalata pa papelariya ina, sitolo ya mapepala ndi zolembera, ku Chiuaula kwa zaka zambiri, ndipo Lamlungu ndimawerenga Mawu kutchalitchi. Mwana wanga Rosa atamaliza maphunziro, anapempha patrau wanga, mwini sitoloyo, kuti aike Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta, m'makina athu onse. Anagwirizana kuti ikayenda bwino amulemba ntchito. Patrau ankangoopa kuti makalata athu azikakanidwa kumaofesi.

Sabata yachiwiri, mayi wina anabweza kalata yake yopempha malo atakwiya. Ndinali nditadumpha mzere wathunthu, chifukwa maso anga ayamba kufooka ndipo ndinkabisa.

"Chachitika n'chiyani, a Tomé?" anafunsa patrau.

"Ndi Linux ameneyu, amadya mizere," ndinayankha, ndi pakamwa pomwe pamatchula dzina la Ambuye.

Tsiku lomwelo patrau anabwezeretsa pulogalamu yakale. Rosa sanatsutse, poti sanaganizepo kuti bambo ake anganame. Anafufuza vutolo masiku atatu osalipeza. Kenako anadzagwada pamene ndinakhala pakhonde.

"Ababa, pepani. Ndakuchititsani manyazi kuntchito."

Ine, mboni yonama, ndinamuika dzanja pamutu n'kumuuza kuti ndamukhululukira.